Ndiike mafilimu ati oseketsa m'fulashi kuti tionere ndi amayi pakhomo?

Bambo a Tadala (Ulongwe):
Mwaswera bwanji abale nonse pagulu pano. Ndabwera ndi pempho, mundikhululukire ndikatalikitsa. Ambiri mukudziwa kuti bambo athu anatisiya mwezi wa Ogasiti. Zikomo nonse amene munafika kudzatipepesa, ndi inu amene munatumiza chipepeso muli kutali. Tsopano amayi tawatenga kumudzi, akukhala nafe kuno mpaka mvula itayamba. Chikundivutitsa n'chakuti madzulo akangodya nsima amakhala chete pamkeka, maso ali kukhoma. Ana akayatsa TV n'kumaonera novela (sewero lopitirira la pa TV) ya Chipwitikizi, iwo samvapo kanthu, amangodzuka kukagona kusanade n'komwe. Ine ndikufuna tizikhala pamodzi madzulo, tizisekako ngati kale. Ndili ndi fulashi ya 16 GB ndipo TV yathu ili ndi polowetsa fulashi. Ndiikemo chiyani? Chikhale choti mayi wa zaka zoposa 70, wosadziwa Chipwitikizi kapena Chingerezi, aseke, ana asatope nacho, komanso chopanda zochititsa manyazi, pajatu mkazi wanga amakhala pomwepo ndi apongozi akewo.

Nachisale (Domwe):
Pepaninso alamu, Mulungu akulimbitseni. Yambani ndi Mr. Bean. Munthu uja salankhula kwenikweni, zonse amachita ndi nkhope ndi manja, ndiye chilankhulo sichivuta. Amayi anga sadziwa dzina lake, amangomutcha "wakachidole uja", koma akamva nyimbo yoyambira amasiya kusankha nyemba n'kusendeza mpando pafupi.

Wa pa Banka (msika wa Ulongwe):
Bambo, ine ndimakopera anthu mafilimu pamsika pano. Mr. Bean wa munthu weniweni ali ndi magawo 15 okha, sadya malo ambiri. Pali wina wa katuni amene anayamba mu 2002, ameneyo ndi wa ana, akuluakulu samusekerera kwenikweni. Chinthu china muonetsetse: ma TV ambiri otchipa amawerenga bwino mafilimu a mtundu wa MP4, koma mukaika a mtundu wa MKV nthawi zina chithunzi chimatuluka mawu osamveka, kapena amangokana kutsegula. Komanso fulashi ikakhala ya FAT32 silola filimu imodzi yopitirira 4 GB. Musavutike ndi zazikuluzikulu, filimu yopepuka ya 480p imakhala cha m'ma 500 MB, pa TV yaing'ono imaoneka bwinobwino. Mu 16 GB mulowa zambiri zoti muonere mpaka nthawi yobzala.

Make Yamikani (Moatize):
Achimwene, pa Mr. Bean ndikuchenjezeni chimodzi. Pali gawo lina amapita kosambira, akudumphira m'madzi kabudula n'kuvuka. Ife tinaonera tili ndi apongozi aamuna pabalaza, ndinachita kudzuka ngati ndikukaona ndiwo pamoto. Limenelo muonere nokha kaye kapena mulichotse. Koma la m'tchalitchi limene amawodzera pa ulaliki, ndi la mayeso limene amafuna kuonera mnzake, amenewo ikani. Aliyense amene anakhalapo pa benchi la tchalitchi masana kukutentha amadziona yekha mmenemo.

Aphunzitsi (Furancungo):
Pepani ndi zovuta a Bambo a Tadala. Ndigwirizane ndi amayiwa. Mr. Bean anayamba kuonetsedwa ku Britain mu 1990 mpaka 1995, ndipo amene amasewerayo, Rowan Atkinson, ndi munthu wophunzira za uinjiniya wa magetsi, anafika mpaka ku Oxford. Ndimawauza ana a sukulu kuti kuchita ngati chitsiru bwinobwino kumafuna mutu wogwira. Mafilimu ake aatali alipo awiri, Bean wa 1997 ndi Mr. Bean's Holiday wa 2007. Woyambawo uli ndi zolankhula zambiri za Chingerezi, amayi atopa nawo. Wachiwiriwo ndi wabwinoko chifukwa iye mwini ali ku France kumene sakumva chilankhulo, ndiye akuvutika ngati mmene timavutikira ife tikafika pa ofesi pamene akulankhula Chipwitikizi chothamanga.

Koma ine ndikupemphani muyesenso Charlie Chaplin. Mafilimu ake akale alibiretu mawu, ndi nyimbo yokha ndi zochita. The Kid wa 1921 ndi nkhani ya munthu wosauka amene watola khanda lotayidwa n'kulilera m'kachipinda kake. The Gold Rush wa 1925 muli pamene njala yawapana mpaka akuphika nsapato n'kuidya patebulo mwaulemu wonse ngati nkhuku ya mlendo. Chaplin anakulira mu umphawi woopsa ku London, ndiye njala imene amaseweretsayo ankaidziwa. Chithunzi ndi chakuda ndi choyera, ana amayamba kudandaula, koma pakapita mphindi khumi amaiwala.

Amalume a ku Tsangano:
Mwana wanga, ndawerenga zonse. Sindikutsutsa, koma ndifunse monga wamkulu. Miyezi sinakwane itatu chigonere malemu, ndipo mayi ako akadali ndi mpango wa maliro kumutu. Kodi anthu oyandikana nawo akamva chiphwete m'nyumba mwako adzati chiyani? Ife tinakula tikudziwa kuti namfedwa amapatsidwa nthawi yake. Chete amene ukumuonayo si matenda ayi, ndi ulendo umene munthu amayenda yekha. Usauthamangitse.

Bambo a Tadala (Ulongwe):
Amalume, mawu anu ndawamva ndipo sindiwataya. Mwambo wa kumeta unachitika, abale anabalalika, zonse zinayenda monga mwa dongosolo. Sindikufuna kuwaiwalitsa mwamuna wawo. Chimene chikundiopsa n'chakuti akuonda, ndipo usiku ndimawamva akutembenuka mpaka tambala woyamba.

Namwino (Songo):
Amalume, ndiloleni ndiikepo mawu mwaulemu. Kuntchito ndimaona agogo ambiri amene okondedwa awo anamwalira. Amene amakhala okha m'chipinda ndi amene amasiya kudya msanga. Kuseka sikuchotsa chisoni, koma munthu akaseka ndi adzukulu ake amadyanso nawo. Ndiponso makolo athu sanaletse nthabwala pamaliro. Kuno kumunsi anzathu Anyungwe ali ndi sabwira, amene amafika pasiwa n'kumatengera kayendedwe ndi kalankhulidwe ka malemu mpaka olira aseke misozi ili m'masaya. Kwathu kumtunda, ndani amaletsa msuweni kuseleula pamaliro? Anaziika dala zimenezo kuti mtima usaphulike.

Amalume a ku Tsangano:
Za asuweni wanena zoona mwana wanga. Pa maliro a mkulu wanga, msuweni wathu anavala chipewa cha malemu n'kuyamba kukalipira ng'ombe zosaoneka ndi mawu ake enieni. Tinaseka tonse, ngakhale mlamu wanga. Chabwino. Koma mawu a TV akhale otsika, ndipo mayi akafuna kudzuka musamukakamize kukhala.

Dalaivala (Zobwe):
Achimwene pepani. Ine ndimagona m'malire nthawi zambiri kudikira mapepala a katundu, ndiye mafilimu ndaonera ochuluka pafoni. Ikani a ku Nigeria omasuliridwa m'Chichewa. Anyamata a ku Malawi amawamasulira, amapezeka ku Mwanza, ku Dedza, ngakhale ku Lizulu. Aki na Ukwa, uja wa tianyamata tiwiri tovuta timene anthu amati Aki ndi Pawpaw. Osuofia in London, wa bambo wakumudzi amene wapita ku London kukatenga chuma cha mchimwene wake womwalira. Ndi a Mr Ibu, Mulungu awalandire, anamwalira mu 2024. Amenewa amayi aseka chifukwa midzi yake ikufanana ndi yathu: nkhuku pabwalo, mbuzi, apongozi olongolola.

Nachisale (Domwe):
A Dalaivala, Osuofia muli nkhani ya chuma cha masiye ndi mkazi amene malemu ankafuna kukwatira. M'nyumba ya namfedwa? Ayi, imeneyo idikire chaka chamawa.

Dalaivala (Zobwe):
Zoona achemwali, sindinaganize mpaka pamenepo. Chotsanipo imeneyo.

Make Yamikani (Moatize):
Aki ndi Pawpaw nanenso ndili nawo mawu. Amaseketsa inde, koma mwana wanga wamwamuna ataonera anayamba kuyankha atate ake mwachipongwe, akuti akutengera Pawpaw. Ana sadziwa kuti amene akuwaonawo si ana anzawo.

Aphunzitsi (Furancungo):
N'zoona, ndi akuluakulu. Chinedu Ikedieze anabadwa mu 1977, Osita Iheme mu 1982, ndiye pamene Aki na Ukwa inkatuluka mu 2002 onse anali atakwanitsa zaka 20. Ndi matupi okha aang'ono. Ndi bwino kuwauza ana zimenezi asanaonere, komanso kuwaphunzitsa kuti munthu wamfupi chotero tikakumana naye pamsika sitimuseka.

Za omasulira aja ndili ndi maganizo awiri. Mbali ina ndimawathokoza, chifukwa achititsa kuti agogo ku Chifunde amve filimu ya ku China m'chilankhulo chake. Koma ambiri samasulira, amapeka nkhani yawoyawo pamwamba pa chithunzi, ndipo ena amathiramo mawu otukwana kuti anyamata a m'mavidiyo shoo akuwe. Ukaonera ndi makolo umangoti mutu pansi.

Wa pa Banka (msika wa Ulongwe):
Aphunzitsi, si onse. Alipo amene amamasulira mwaulemu, ndipo makasitomala achizimayi amawadziwa ndi mawu, amachita kunena kuti ndiikireni wa uje, wa uje ayi. Bambo a Tadala mukabwera ndikusankhirani oyera okhaokha. Koma langizo langa ndi lomwelija, chilichonse muonere nokha kaye pafoni musanaike pabalaza.

Dalaivala (Zobwe):
Nanga ija ya botolo la Coca-Cola logwa m'ndege? The Gods Must Be Crazy. Imeneyo palibe amene saseka. Ndi Mr Bones wa Leon Schuster.

Mphwanga wa ku Yunivesite (Tete):
Akuluakulu ndiloleni. Ine filimu ya botolo ija ndinaikonda ndili mwana, koma nditakula ndinayamba kuiona mwina. Inapangidwa mu 1980 ndi Jamie Uys wa ku South Africa, nthawi ya tsankho. Imaonetsa anthu a ku Kalahari ngati ana osadziwa kanthu za dziko, ndipo asilikali akuda onse amene ali mmenemo ndi opusa. N!xau, bambo wa ku Namibia amene anasewera, analandira ndalama zochepa kwambiri pa filimu yoyambayo pamene inapanga chuma chambiri kunja. Ndiye tikamaseka, tikuseka ndani? Za Leon Schuster nazonso, mu Mama Jack anadzipaka nkhope kuti aoneke mayi wakuda, ndipo mu 2020 Showmax, yoonetsa mafilimu pa intaneti, inachotsa mafilimu ake angapo pa chifukwa chimenechi.

Dalaivala (Zobwe):
Mphwanga, ine ndikaonera ndimaona kuti wanzeru mufilimu monse muja ndi bambo wa botoloyo. Azungu ndi amene akugwa m'madzi, galimoto kukwera mumtengo. Iye akuyenda phee, akudziwa chimene akufuna.

Mphwanga wa ku Yunivesite (Tete):
Mbali imeneyo ndikuvomera achimwene. Sindikuti ioletsedwe, ndikungoti tikaonera ndi ana tiziwafunsa kuti waona chiyani. Koma pali chinanso chokhudza amayiwa. Mufilimu muja muli zigawenga zothawa ndi mfuti, zikugwira ana a sukulu n'kuwayendetsa m'tchire. Kwa ife obadwa nkhondo ya pachiweniweni ya kuno ku Mozambique itatha ndi sewero chabe. Kwa munthu wa ku Angónia wa zaka 70 mwina si sewero.

Bambo a Tadala (Ulongwe):
Mphwanga wanena chinthu chachikulu. Amayi anathawa nafe usiku kupita ku Dedza ine ndili kumsana, tinabwerako mtendere wa 1992 utasainidwa ku Roma. Mpaka lero akamva kulira kwa mfuti pa TV amatuluka panja. Imeneyo sindiika. Zikomo pondikumbutsa.

Make Yamikani (Moatize):
Kwathu kuno ana amafera Chaves. Ndi sewero la ku Mexico la m'zaka za m'ma 1970, la Roberto Gómez Bolaños, koma timalimva m'Chipwitikizi cha ku Brazil. Kamnyamata kamasiye kobisala m'mbiya yamatabwa, kanjala nthawi zonse, ndi Seu Madruga amene ali ndi ngongole ya lendi ya miyezi 14, mwininyumba akabwera iye amazemba. Aliyense amene anachitapo lendi ku Moatize kuno amamudziwa Seu Madruga. Mulibe zolaula. Vuto ndi lomwe mwanenalo, nthabwala zake zambiri zili m'mawu. Amayi anga atabwera kudzacheza, ana ankagubuduka ndi kuseka, iwo akungoyang'ana nkhope za adzukulu awo kuti adziwe poyenera kusekera. Zinandipweteka mtima. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti ana anga amaseka m'Chipwitikizi, agogo awo amaseka m'Chinyanja, ndipo pabalaza limodzi pali midzi iwiri.

Nachisale (Domwe):
Make Yamikani mwandikhudza. Ife timawauza ana kuti amene akufuna kuonera za Chipwitikizi azimasulira agogo. Poyamba ankanyinyirika, pano amalimbirana. Wamng'ono uja ndi amene Chinyanja chake chakula chifukwa cha zimenezi, amachita kufunsa kuti "agogo, munthu wokonda kukongola osabweza timati chiyani?"

Aphunzitsi (Furancungo):
Apa ndi pamene pali bala lenileni. TVM, STV ndi Miramar tikuziona bwino masiku ano, ndipo amene ali ndi DStv, GOtv, ZAP kapena StarTimes ali ndi matchanelo osawerengeka. Koma yatsani madzulo muwerenge kuti ndi angati amene akuseketsa anthu m'chilankhulo chathu. Pa wailesi ya mawu Chinyanja chimamveka, Rádio Moçambique ku Tete imaulutsa, ndi mawailesi a m'madera. Pa kanema timadalira Malawi. Pamenepo nthabwala tili nazo zodzaza nkhokwe. Pitani pabwalo la msika tsiku la Loweruka mumve mmene amayi ogulitsa mbatata amayankhirana ndi ogula. Mverani nthano za Kalulu ndi Fisi. Ngakhale Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, ali ndi zilombo zina zimene zimatuluka kudzaseketsa anthu pamene zikudzudzula khalidwe loipa.

Amalume a ku Tsangano:
Aphunzitsi, za Gule tisazilowetse m'nkhani ya mafilimu. Zimenezo zili ndi malo ake ndi eni ake.

Aphunzitsi (Furancungo):
Ndamva amalume, pepani. Ndasiya pomwepo.

Mphwanga wa ku Yunivesite (Tete):
Achinyamata akuyesa aphunzitsi. Pa Facebook ndi TikTok pali timasewero tatifupi tojambulidwa ndi foni, tina ta ku Angónia konkuno. Chovuta ndi mamega a intaneti. Kuti uonere mphindi zingapo, ndalama ya Movitel kapena Vodacom yapita, ndipo wojambulayo sapezapo kanthu. Komanso tinene chilungamo, fulashi imene tikukambiranayi ndi kukopera. Rowan Atkinson sangamve kuwawa, koma wosewera wa ku Lilongwe kapena wa ku Ulongwe amene wagulitsa mbuzi kuti abwereke kamera, tikamakopera ntchito yake ulere tikumudyera thukuta.

Wa pa Banka (msika wa Ulongwe):
Achimwene mukunena zoona ndipo sindikana. Koma ma DVD enieni kuno adzagulitsa ndani? Makina ake omwe anthu anasiya kugula. Anyamata a kuno akandibweretsera sewero lawo timagwirizana, ndikakopera munthu gawo lina la ndalama ndimawasungira. Si zambiri koma amabwera kudzatenga. Za Mr. Bean, amene ali ndi mamega angathe kuonera pa tchanelo chake chenicheni pa YouTube.

Namwino (Songo):
Koma abale, takambirana za ku Britain, ku Nigeria, ku Mexico, palibe amene watchula Izeki ndi Jakobo? Kapena Tikuferanji ya a Manganya? Kapena Winiko? Mayi wa ku Angónia amene anakhalako ku Dedza, chimene angamve mpaka m'mafupa ndi chimenecho.

Dalaivala (Zobwe):
Eee, Izeki ndi Jakobo! Mmene Izeki ankayankhira zinthu mosakhala bwino koma nkhope ili duu, Jakobo akuyesa kumuwongola mpaka iye mwini kusokonezeka. Awiri aja sadzabweranso.

Aphunzitsi (Furancungo):
Onse anapita. John Nyanga, amene anali Izeki, anamwalira mu 2016. Eric Mabedi, Jakobo, mu 2021. Anachokera m'gulu la zisudzo la Kwathu. Television Malawi itayamba mu 1999 m'pamene ambiri tinaona nkhope zawo. Ndipo a Manganya a mu Tikuferanji, a Michael Usi, anadzakhala wachiwiri kwa pulezidenti wa Malawi mu 2024. Tikuferanji ndi yabwino koma imakamba kwambiri za matenda ndi imfa, pajatu dzina lake likunena. Musankhe magawo mosamala.

Bambo a Tadala (Ulongwe):
Achemwali a ku Songo, sindinawatchule dala. Ndinene poyera. Izeki ndi Jakobo ankakondedwa kwambiri ndi bambo anga. Nthawi ya kuthawa, ku Dedza, chuma chathu chinali kawailesi kamodzi ka mabatire. Bambo ankayanika mabatire padzuwa kuti afikire pa Pamajiga ndi Kapalepale pa MBC, ndipo anthu a misasa yoyandikana ankabwera kudzakhala pakhomo pathu. Amayi amanena kuti m'zaka zimenezo, pa sabata yonse, imeneyo inali nthawi yokhayo imene ankaona mano a mwamuna wawo. Titabwerera kwathu, patapita zaka, anagula ka TV ndi batire la galimoto, ndipo akapita kukagulitsa mbatata ku Lizulu ankabwerako ndi chimbale cha Izeki ndi Jakobo. Ankawatengera mawu awo pa chilichonse, ngakhale potikalipira. Ndiye ndikuopa. Ndikaika zimenezo, kodi sindikhala ngati ndafukula manda pabalaza?

Nachisale (Domwe):
Alamu, ndagwetsa misozi. Sindikudziwa chonena.

Namwino (Songo):
Achimwene, musawasankhire. Afunseni. Ife ana timakonda kubisa zinthu kuti titeteze makolo, pamene iwo akufuna wina atchule dzina la womwalirayo. Mwina chete wawoyo ndi chifukwa chakuti m'nyumba monse mukuopa kunena za bambo. Ikani m'fulashi, muyambe ndi zinazo, tsiku lina muwauze kuti zilipo. Akati ayi, ndi ayi.

Amalume a ku Tsangano:
Mwana wa ku Songoyu walankhula ngati wamkulu. Malemu ndinkawadziwa, tinali limodzi ku Dedza. Pakhomo pamene ukunenapo inenso ndinakhalapo pa mwala kumvera wailesi imeneyo. Funsa mayi ako.

Wa pa Banka (msika wa Ulongwe):
Bambo, bwerani mawa m'mawa msika usanadzaze. Ndikuikirani m'mafoda osiyana kuti musasokoneze: Mr. Bean popanda la kosambira lija, Chaplin, Tom and Jerry wa ana, ndi foda yapayokha ya Izeki ndi Jakobo. Zina mwa izo chithunzi chake n'chofooka chifukwa zinachokera pa matepi akale, koma mawu akumveka. Ndalama musatenge, chikhale chipepeso changa.

Bambo a Tadala (Ulongwe):
Mulungu akudalitse mwana wanga. Ndifika.

---

Bambo a Tadala (Ulongwe):
Abale, papita masiku asanu ndi anayi, ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera popeza munandithandiza.

Tsiku loyamba tinaika Mr. Bean wa m'tchalitchi. Amayi anakhala mpaka kumapeto, sanaseke, koma anafunsa kuti "kodi munthuyu alibe abale omulangiza?" Ana anaseka funsolo kuposa filimu. Tsiku lachiwiri magetsi anazima, tinangokhala ndi nyali. Lachitatu tinaika Chaplin wa nsapato uja. Aphunzitsi, apa panachitika zimene sindinayembekeze. Pamene ankadula nsapato ija ndi mpeni, ana ali gubudugubudu, amayi anati, "Imitsa." Ndinaimitsa. Anayamba kuwauza adzukulu awo za njala ya 1992, mmene ankaphikira zitsa za nthochi ndi gaga, mmene ankaikira mphika wa madzi okha pamoto kuti ife tigone poganiza kuti chakudya chikubwera. Ine zimenezi sindinazimvepo, zaka zonsezi. Tadala anali kukamwa yasa. Atamaliza anati, "Pitiriza, tione ngati akhute." Ndipo pamene nyumba ya mufilimuyo inkapendekeka pamphepete pa phompho, anthu akuthamangira uku ndi uku, anaseka pang'ono, kugwira pakamwa ndi chitenje.

Za Izeki ndi Jakobo ndinachita mantha mpaka Lamlungu. Titabwera kutchalitchi ndinawauza kuti zilipo, koma ngati sakufuna tisiya. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Ika ija ankaikonda bambo ako." Sindinadziwe kuti ndi iti, ndinangoyamba yoyamba. Izeki atangotsegula pakamwa, amayi anamalizitsa mawu ake iye asanamalize. Ankadziwa sewero lonse pamtima. Analira, ife tonse tinalira, mkazi wanga anawagwira dzanja. Ndinafuna kuzimitsa, anandikaniza. Pofika pakati anali akuseka mokweza mpaka anatsamwa, Tadala anathamangira madzi. Usiku umenewo anadya nsima mitanda iwiri, ndipo anatiuza mmene bambo anawafunsirira pa chitsime, nkhani imene ana ake tonse sitinkaidziwa.

Sindikunena kuti achira. Dzulo anakhalanso chete tsiku lonse, TV sitinayatse. Koma lero m'mawa afunsa okha ngati m'kachitsulo kaja mwatsala zina.

Namwino (Songo):
Ambuye alemekezeke. Masiku a chete adzabwerabe achimwene, musadabwe nawo. Muwapatse moni wanga.

Aphunzitsi (Furancungo):
Ndawerenga kawiri. Ndikupemphani chinthu chimodzi: nkhani zimene amayi ayamba kufotokozazo, Tadala azijambula mawu pafoni, akalola eni ake. The Kid muyembekeze pang'ono, muli pamene akuluakulu a boma akulanda mwana m'manja mwa womulera, ndi powawa.

Make Yamikani (Moatize):
A pa Banka, foda ya Izeki ndi Jakobo ija ndingaipeze bwanji kuno? Amayi anga akubwera mwezi wamawa. Mlamu wanga amayendetsa shapa (minibasi) ya Ulongwe–Tete, ndingamupatsire fulashi.

Wa pa Banka (msika wa Ulongwe):
Mupatseni mayi, andipeza pafupi ndi pogulitsira nyemba. Mulembe dzina pa kapepala mumate pa fulashiyo, zimasokonekera zikachuluka.

Amalume a ku Tsangano:
Mwana wanga, uwauze mayi ako kuti Loweruka ndikubwera ndi azakhali ako. Ndinyamula mbatata ndi mapichesi ouma. Sewero lija musalionerenso mpaka ndifike, ndipo mundisungire malo pafupi, makutu anga anayamba kuvuta.